Mutu 7: Phasa Losowa Mpando

1. Tili pa mndandanda

Lachisanu m'mawa Kamphepo analowa m'chipinda cha makompyuta ali wefuwefu, chikwama chikumumenya kumsana, nsapato imodzi yosamanga zingwe. Dzinali anamupatsa ndi anzake a Folomu 3, chifukwa mtsikanayu kuyenda sankakudziwa. Ngakhale kopita kulibe, iye ankathamangabe.

"Madamu! Tatuluka! Tili pa mndandanda!"

Madamu, mphunzitsi wa makompyuta, anali akupukuta fumbi pa makina. "Tapuma kaye, ungatsamwe ndi mawu. Mwatuluka kuti?"

Nkhani yake inali iyi. Sukulu zambiri zinkasungira mayina a ophunzira mu pulogalamu ina yaulere, imene aliyense ankaloledwa kuona khodi yake (malangizo olembedwa amene amaiyendetsa), kuikonza, ngakhale kulumikizapo kanthu kake. Kanthu kolumikizako amati pulagini. Kamphepo ndi msuweni wake Mapulani analemba yawo n'kuitcha Gawamipando. Ukangodina, inkatenga mayina onse a olemba mayeso n'kupatsa aliyense chipinda ndi nambala ya mpando. Kale ntchitoyi inkadyera aphunzitsi masiku atatu, rula ndi pensulo zili m'manja.

Mwezi wapitawo asuweniwa anatulutsa veshoni yoyamba, 1.0. Tsopano eni pulogalamu yaikulu ija anali ataiika pa mndandanda wa mapulagini ovomerezeka.

"Taonani, Madamu! Sukulu makumi awiri ndi zitatu zatenga kale!"

Ana a kalabu ya makompyuta anaunjikana pa laputopu. Kunali kuwomba m'manja, ena mpaka kuimba mluzu. Madamu anayesa kuwakalipira za phokoso, koma kumwetulira kunawagonjetsa.

Phokoso lili mkati, Mapulani anatulukira atapanira chipepala chachikulu kukhwapa. Mnyamatayu sankagula ngakhale cholembera asanajambule pulani yake. Anayala chipepalacho patebulo n'kuchitsamiza ndi mabuku m'makona.

"Popeza takula, tiyambe kugwira ntchito ngati akuluakulu," anatero. "Mpaka lero ine ndi iwe timangothira zonse m'thunthu."

Kwa amene simunalowepo m'kalabu yotere: khodi imasungidwa pa intaneti, pamalo otchedwa nkhokwe, pamodzi ndi mbiri ya kusintha kulikonse. Khodi yaikulu imene onse amadalira ndiyo thunthu. Munthu akafuna kuyesa zake osasokoneza anzake amapatula kope lake pambali, ndipo kopelo ndilo nthambi.

Pa chipepala cha Mapulani panali nthambi zisanu, iliyonse ndi mtundu wake wa inki: ya zatsopano, ya zoyesa, ya zokonzekera kutuluka, ya zotuluka kale, ndi ya ngozi. Mivi inali mbwee, ina yokwera, ina yotsika.

Kamphepo anayang'ana kamodzi n'kuphulika nako kuseka. "Msuweni, tilipo anthu awiri, nthambi zisanu. Zitatuzo akhalepo ndani, akhwangwala?"

Kalabu yonse inafa nacho chiseko. Mapulani anasekako pang'ono, kuseka kwa mano okha, kenako anapinda chipepala chake pang'onopang'ono. Kamphepo sanaone zimenezo. Maso ake anali atabwerera kale pa nambala ija.

2. Mipando yaperewera umodzi

Nthawi ya buleki foni ya Madamu inalira. Anali achiwiri kwa ahedi a sukulu ina ya kuseri kwa njanji, ndipo mawu awo ankamveka chipinda chonse.

"Madamu, kanthu ka ana anu aja katithandiza, koma katisowetsa mwana. Olemba mayeso tili nawo 118, mipando yatuluka 117. Wosowayo ndi phasa. Mnzake ali pa mpando 40, iye palibe paliponse. Ali muofesi muno akulira, akuti tamufufuta. Mndandanda tiyenera kumata pofika folo koloko lero, mayeso ndi Lolemba."

Kamphepo anali atatsegula kale khodi. Sipanathe mphindi khumi.

"Ndachipeza! Mzere 88! Pulagini ikaona anthu awiri ofanana dzina la bambo ndi tsiku lobadwa, imayesa kuti ndi munthu mmodzi wolembedwa kawiri, ndiye imataya mmodzi. Ndiiuze iziona nambala ya mayeso basi." Zala zinathamanga pa mabatani. "Ndatha! Nditulutse!"

"Chotsa chala pamenepo," anatero Madamu. "Ukatulutsa thunthu, utulutsa zonse zili m'menemo. Chilowereni mwezi uno mwathiramo chiyani?"

Mapulani anakanda m'mutu. "Muli ntchito yanga ya mauthenga, Madamu. Yoti makolo azilandira nambala ya mpando pa foni."

"Inatha?"

"Kutumiza imatumiza. Koma pakadali pano aliyense imamuuza kuti mwana wanu ali m'chipinda A, mpando 1."

Taganizirani inu: makolo a sukulu makumi awiri ndi zitatu, aliyense kuuzidwa kuti mwana wake ali pa mpando 1. Lolemba likanakhala la nkhonya.

"Chabwino," anatero Kamphepo. "Tibwerere pa 1.0 yeniyeni, tikonze pamenepo."

Anatsegula mbiri ya nkhokwe. Munali kusintha kokwana 214, ndipo mawu ofotokoza kusinthako anali otere: "kukonza", "kukonzanso", "tsopano zatheka", "ayi sizinatheke", "Mapulani usakhudze apa". Panalibe ndi pamodzi pomwe polembedwa kuti apa ndiye tinatulutsira 1.0. Tsiku limenelo anatanganidwa ndi kuvina.

"Ndiye ndingofufuta mauthenga akowo m'thunthu, nkhani ithe," anatero Kamphepo.

"Milungu itatu ya thukuta langa? Tayesa uone!" Mapulani anaimirira. "Chipepala chimene umaseka chija chikanatipulumutsa lero."

"Chipepala chako chikanatitengera chaka kuti tingochimvetsa!"

Madamu anamenya tebulo ndi dasitala. "Tamverani nonse awiri. Pamene pulagini inali yanu nokha, mukathyola munkadzithyolera nokha, n'kuseka. Lero ili m'maofesi a anthu amene simunawaonepo, ndipo akuikhulupirira kuposa maso awo. Mphunzitsi uja wawerenga mipando n'kupeza kuti yaperewera. Nanga amene sawerenga? Adzadziwa Lolemba m'mawa, mwana ataima pakhomo la chipinda cha mayeso, cholembera chili m'manja, pokhala palibe. Mwana wotero ngakhale mum'pezere mpando pambuyo pake, mutu wake wabalalika kale. Choncho kuno sikufunika wopambana mkangano. Kufunika njira yokonzera chakale popanda kutulutsa chosapsa. Belu lalira. Pitani mukadye, mubwere ndi nzeru, osati ndi mkwiyo."

Mapulani ananyamula laputopu yake n'kutuluka osatsanzika.

3. Kabati ya bambo

Kamphepo sanadye. Anathamanga kudutsa msewu wa kumsika mpaka ku shopu ya bambo ake, amene ankasindikiza mabuku, makalendala ndi makadi. M'shopumo munkanunkha inki ndi guluu, ndipo pakona makina akale ankapuma ngati munthu wa chifuwa.

Anafotokoza zonse mpweya umodzi. Bambo ake anamvetsera akudula mapepala pa chimpeni chachikulu, osakweza mutu.

"Za makompyutazo ine ndine mbuli," anatero atamaliza kudula. "Koma tabwera kuno."

Anatsegula kabati yachitsulo. Munali maenvulopu ndandanda, iliyonse ndi chidindo cha tsiku ndi nambala.

"Ndili mnyamata, kumene ndinkaphunzira ntchito tinasindikiza buku la masamu, makope zikwi ziwiri. Litafika m'masukulu, kunapezeka kuti yankho limodzi pa tsamba 30 ndi lolakwika. Kanthu kakang'ono. Koma ife tinali titayamba kale kulisintha bukulo kuti lidzatuluke kachiwiri, masamba tasuntha, mitu ina tang'amba pakati. Loyamba lija silinasungidwe paliponse. Kuti tikonze nambala imodzi tinasanjanso buku lonse, milungu isanu, ana akuphunzira bodza. Chiyambire pamenepo, mwanangu, chilichonse chotuluka pakhomo langa chimasiya kope m'kabati muno, ndi chidindo. Munthu akabwera kuti munalakwitsa, sindikanda m'mutu. Ndimasolola envulopu, ndikonza pomwepo."

Kamphepo anali atasiya kupondaponda.

"Chachiwiri, taona tebulo lalikulu ilo. Pamenepo pamafika ntchito yotha yokha, yoti kasitomala atalowa pompano ndingamupatse osachita manyazi. Yosatha, aliyense ali ndi thireyi yake. Ndipo thireyi siigonera mwezi. Ikakhalitsa, mwini wake amaiwala kuti anafika pati. Chachitatu, ukakonza cholakwa pa buku lakale, pita ukakonzenso pa latsopano tsiku lomwelo. Ukapanda kutero chidzatulukanso chaka chamawa, chitavala jekete lina."

"Envulopu, tebulo, thireyi!" Kamphepo anadumpha. "Ababa, mwandipulumutsa!"

"Ima kaye, sindinathe. Tsiku limene ndinaika loko pa kabatiyi, ndinayamba ndaitana anzanga onse ogwira nawo ntchito. Ndinawakhazika pansi, ndinawauza chifukwa chake, ndinawaonetsa pokhala kiyi. Ukudziwa chifukwa? Loko amene munthu wauzidwa amamuona ngati mlonda. Koma loko amene wangomupeza yekha amamuuza kuti ndiwe wakuba. Msuweni wako uja ndi mwana wa mlongo wanga, ndimamudziwa. Salankhula zambiri, koma zimamulowa mpaka m'mafupa. Wamva?"

"Ndamva, Ababa!"

Anayankha ali kale pakhonde. Mawu atatu oyamba aja anawanyamula bwinobwino. Achinayiwo anagwera penapake pakati pa shopu ndi geti la sukulu.

4. Chisankho cha Kamphepo

Atafika, Mapulani kunalibe. Wina anati wamuona akulowa ku laibulale ndi laputopu.

"Msiyeni, nthawi yatha," anatero Kamphepo. "Madamu, tsiku lotulutsa 1.0 lija munakopera pulagini pa fulashi yanu. Ilipo?"

Madamu anakhuthula chikwama patebulo. Munatuluka makiyi, choko, mapiritsi a mutu, malisiti, ndipo pamapeto pake kafulashi kobiriwira kothyoka chivindikiro. Kalabu inakuwa ngati timu yawo yagoletsa.

Kamphepo anayamba kufananiza khodi ya pa fulashi ndi mbiri ya m'nkhokwe. Kusintha kwa nambala 180, ayi. Kwa 150, ayi. Ana ena ankawerenga naye mokweza. Wani koloko inadutsa, thu koloko inakwana. Atafika pa 161 kompyuta inati palibe kusiyana ngakhale kadontho.

"Ndi iyi! Envulopu yathu ndi iyi!"

Pomwepo anaikapo chizindikiro cholembedwa 1.0, chosasunthika. Kuchokera pa chizindikirocho anapatula nthambi imodzi, nakonza mzere 88 wokhawo. Chala chinapita chokha pa batani lotulutsira, koma ulendo uno anachibweza mwini wake.

"Tiyese kaye. Ndipatseni mapasa!"

Anzake anapeka mayina: mapasa awiri, ena awiri, enanso atatu obadwa tsiku limodzi. Pulagini inapatsa aliyense mpando wake. Itangodutsa fili koloko, veshoni 1.0.1 inatuluka, ndipo uthenga unapita ku sukulu zonse kuti atenge yatsopanoyo asanamate mndandanda. Kamphepo sanaiwale jekete lija. Anatenga kukonza komweko n'kukakuphatikiza m'thunthu.

Kenako anadikira. Kudikira ndiye kunali chilango chachikulu kwa mwana ameneyu. Anazungulira tebulo kasanu ndi kawiri.

Foni inalira.

"Madamu, 118! Phasa lathu lili pa mpando 41, pafupi ndi mnzake. Likuseka tsopano, misozi isanaume n'komwe. Mutithokozere anawo."

Chipinda chinagwedezeka. Atsikana anamunyamula Kamphepo m'mwamba, nsapato yosamanga ija n'kugwa. Iye anasangalala kwambiri, chisangalalo chochita kumva kutentha m'maso.

Atamutsitsa anatola choko n'kulemba pa bolodi:

Thunthu likhale la ntchito yotha yokha.
Ntchito yatsopano iliyonse ikhale pa nthambi yake, ndipo isapitirire sabata.
Mnzako aone kaye usanaphatikize.
Chotuluka chilichonse chiikidwe chizindikiro. Chikalakwika, patula nthambi pa chizindikirocho, konza, ukonzenso m'thunthu.

"Nthambi zisanu ayi, koma thunthu lokha ayinso," anatero akupukuta choko m'manja.

Madamu anawerenga kawiri. "Wasankha bwino. Ndi njira yokwana anthu awiri, ndipo mukadzachuluka idzakula nanu. Koma nditakuuza chinthu. Nthambi ya zatsopano ndi nthambi ya ngozi ndinaziona m'mawa uno, pa chipepala chija unachiseka. Nzeru ya mnzako ukaidya, umatchula mwini munda. Ndipo malamulo awa ndi a anthu awiri, koma walemba ndi dzanja limodzi. Mutu umodzi susenza denga. Pita ku laibulale ukamutenge msuweni wako, muwerenge limodzi, asinthe chimene akufuna kusintha."

"Ndipita, Madamu. Ndingomaliza kamodzi aka."

Kamodziko kanali kotani? Anasamutsa ntchito ya mauthenga ija m'thunthu n'kuiika pa nthambi yakeyake, bwinobwino, osataya ngakhale mzere umodzi. Kenako analowa m'makonzedwe a nkhokwe n'kutseka thunthu, kuti munthu asathiremo kanthu mnzake asanavomereze. Lamuloli linkamumanga iye yemwe, ndipo anaona kuti n'chilungamo chokhachokha. Anadina. Loko anatsekeka.

Ku laibulale sanapite. Anzake ankafuna kumva nkhani ya kabati, ndipo iye anaifotokoza kawiri, akuyerekeza mawu a bambo ake.

5. Gawamipando wina

Hafu pasiti folo, Madamu akutseka mawindo, foni ya Kamphepo inanjenjemera. Unali uthenga wa Mapulani.

"Sindinadye. Ndakhala ku laibulale kukonza mauthenga kuti usavutike kuwafufuta. Atheka, aliyense akulandira mpando wake. Ndimati ndithire m'thunthu, nkhokwe yandiuza kuti ndilibe chilolezo. Ndayang'ana, ntchito yanga m'thunthu mulibenso. Nkhokwe tinamanga awiri. Zikomo, msuweni."

Kamphepo anamva manyazi ndi chisoni nthawi imodzi. Anaimba foni. Inalira kawiri n'kudulidwa. Anaimbanso, inali yozimitsa.

"Madamu, sanamvetse! Ntchito yake ilipo, ili pa nthambi! Loko ndi wa tonse!"

"Unamuuza?"

"Ayi, Madamu."

Mtsikana wina amene anali asanatseke kompyuta anaitana. "Kamphepo, tabwera udzaone. Pa gulu la aphunzitsi la pa intaneti paja timalengezera, pali pulagini ina."

Chilengezocho chinali chitaikidwa mphindi makumi awiri zapitazo. Chinkati: "Gawamipando Weniweni. Amagawa mipando, amatumizanso mauthenga kwa makolo. Tengani lero." Pansi pake panali dzina la Mapulani, ndi nkhokwe yatsopano, yake yekha. Malamulo a khodi yotsegukira aliyense amalola zimenezi, ndipo palibe akanamuletsa.

Sukulu zinayi zinali zitatenga kale.

"Kope limeneli walichotsa pa laputopu yake," anatero Madamu pang'onopang'ono. "Ndipo laputopu yake inatuluka muno nthawi yanji?"

"Tisanakonze," anayankha Kamphepo.

Anatsegula khodi ya msuweni wakeyo n'kutsetsereka mpaka pa mzere 88. Unali uja wakale, wotaya mapasa, uli phee pamalo pake. Ndipo tsopano zinali zoipa kuposa m'mawa. Makolo onse alandira uthenga wa mpando, kupatula kholo la mwana wotayidwayo, limene lilandira umodzi m'malo mwa awiri. Maofesi a sukulu anali akutsekedwa. Mawa Loweruka.

Kamphepo anatola nsapato yake n'kuthamangira ku laibulale. Anapeza chitseko chokhoma. M'bini ya pakhonde munali chipepala chija cha inki zisanu, chong'ambidwa pakati.

Anachitola, nachipinda, nachiika m'chikwama. Kenako anagwada n'kumanga zingwe za nsapato zonse ziwiri, mfundo zolimba, pakuti kwa azakhali ake, amayi a Mapulani, kunali kutali ndipo Mapulani akakwiya sankadutsa njira yodziwika.

Asanadzuke anayang'ananso pa foni. Sukulu zotenga pulagini ya Mapulani tsopano zinali zisanu.